Diresi la ku Mumbai pakhonde la telala wa pa Dedza

Kuchokera kusukulu komwe ndimaphunzitsa, kuseri kwa Bembeke, kukafika pa Dedza boma si patali, koma mwezi wa Juni chisanu chimautalikitsa ulendowu. Loweruka lapitali tidanyamuka nkhungu itakuta minda yonse, moti wakabaza ankayendetsa njinga yamoto nyale ili chiyakire ngakhale kudali kutacha. Pa njinga ina kumbuyo kudali mwana wa mlongo wanga, yemwe ukwati wake uliko mu Seputembala. Timapita kwa telala. Ine ndiye malume wake, ndipo kwathu kuno nkhani ya ukwati imayambira kwa malume, ikavuta imabwereranso kwa malume yemweyo.

Amene amangodutsa pa M1 popita ku Lilongwe kapena ku Blantyre saidziwa Dedza. Tauniyi idabisala m'tsinde mwa phiri, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo kuti muione muyenera kupatuka. Mukalowa mkati mumapeza masitolo akale a makonde aatali okhala ndi zipilala, malata ake atachita dzimbiri. Akuluakulu akamalozera amati "awa adali a Amwenye". Amalondawa adayamba kufika m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri kuchokera kudera la Gujarat ku India, ndipo adafalikira m'maboma ndi m'malo amalonda akumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu lidalamula kuti achoke kumidzi akakhale m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Iwo adapita, koma adasiya chinthu chimodzi chomwe chilipobe: telala wapakhonde. Kale munthu ankagula nsalu mkati mwa sitolo, n'kutulukira nayo kwa telala pakhomo pomwepo.

Telala wathu ndi bambo wachikulire, wa makina opalasa ndi mapazi, tepi yoyezera ili m'khosi pamwamba pa juzi ziwiri. Titapatsana moni, mtsikana uja adatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Nanenso ndidasuzumira. Adali mkwatibwi wa Chimwenye atavala siketi yaitali yolemera yomwe kwawo amati lehenga, yoyera ngati mnyanga, m'mphepete mofiira, yopetedwa ndi ulusi wagolide kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Kumutu nsalu yaitali yokwekwereza, m'khosi mikanda yosanjikizana, m'manja zibangiri ndi zojambula zofiirira.

Bamboyo adayang'ana nthawi yaitali, n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, chovala ichi sadasoke munthu mmodzi. Ine nditayamba lero, ndidzamaliza iwe uli ndi ana awiri."

Adanena zoona, chifukwa chithunzicho ndidachizindikira. Adali Radhika Merchant, yemwe adakwatiwa ndi Anant Ambani mumzinda wa Mumbai pa 12 Julayi 2024. Bambo a mkwati, a Mukesh Ambani, ndi mwini wa kampani ya Reliance Industries komanso mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Asia. Zikondwerero zidayamba miyezi ingapo tsikulo lisadafike. Mu Malichi chaka chomwecho adasonkhanitsa alendo ku Jamnagar, ku Gujarat komwe kudachokera eni masitolo athu aja, ndipo adaitanitsa Rihanna kuti adzaimbe. Nyuzipepala zakunja zidayerekeza kuti zonse pamodzi zidadya madola mamiliyoni mazanamazana. Chovala chomwe mwana wa mlongo wanga amafuna chidapangidwa ndi akatswiri awiri otchuka, Abu Jani ndi Sandeep Khosla. Ndipo ife tidali nacho pakhonde la pa Dedza, mphepo ikuuluza tizidutswa ta nsalu, tikufunsa ngati chingatheke.

Sindikumunyoza mwanayu. Chovalacho n'chokongoladi, ndipo atsikana athu akulira pa masewero a Zee World, momwe sabata sitha popanda ukwati wa golide ndi maluwa. Ngakhale m'kalasi mwanga, a Fomu 3 amene amaiwala tsiku lomwe dziko lino lidalandira ufulu amatchula maina a osewerawo osapunthwa.

Chomwe chidandichititsa chidwi nditawerenga za ukwati wa a Ambani si Rihanna ayi. Ndi mwambo wina womwe adachita kutatsala masiku ochepa, wotchedwa mameru. Kwa Ahindu a ku Gujarat, malume wa mkwatibwi amabwera ndi mphatso: zibangiri, zokongoletsa ndi nsalu yoyera ya m'mphepete mofiira yotchedwa panetar, yomwe mtsikanayo amavala pa tsiku la ukwati. Chovala cha Radhika chidatengera maonekedwe a nsalu imeneyi. Ndiye kuti mwana wa mlongo wanga, mosadziwa, adasankha chovala chomwe mwamwambo chimagulidwa ndi malume. Nditawafotokozera zimenezi pakhondepo, telala adaseka mpaka kutsokomola.

"Basitu aphunzitsi, mwadzigamulira nokha mlandu."

Palinso china. Golide amene mkwatibwi wa ku India amavala si wongodzionetsera. India ndi China ndiwo maiko awiri ogula golide wambiri padziko lonse, ndipo wambiri wa ku India amagulidwa chifukwa cha maukwati. Mwamwambo ndiponso mwalamulo, zokongoletsa zomwe mkazi walandira ndi chuma chake iye mwini, chomwe amachitcha stridhan. Banja likavuta, kapena matenda akagwa, ali ndi pogwira. Si kuti zonse zili bwino kumeneko. Mabanja osauka amalowa m'ngongole zoopsa pofuna kufanana ndi olemera, ndipo chuma chomwe akuchimuna amaumiriza kuti akuchikazi apereke chidaletsedwa ndi lamulo mu 1961 koma mchitidwewu ulipobe. Ziwerengero za boma la India lomwe zimaonetsa kuti amayi zikwi zingapo amafa chaka chilichonse pa mikangano ya chuma chimenechi. Zimenezo pa Zee World sizioneka kawirikawiri.

Tsono tibwere kwathu. Ukwati wa masiku ano kuno ku Dedza uli ndi chinkhoswe, bridal shower, send-off, kenaka tsiku lenilenilo. Pamafunika holo, okongoletsa, zoimbira, keke, magalimoto omanga maliboni, yunifomu ya operekeza, wojambula ndi MC. Zonsezi tawerengani, mundiuze chomwe chimatsala m'manja mwa mkwatibwi Lolemba m'mawa. Diresi lobwereka limabwerera kwa mwini wake. Ndalama za pelekanipelekani, zomwe timaponya m'lichero tikuvina ngati tili nazo zambiri, zimathera kubweza ngongole ya kubanki m'khonde, mwinanso ya katapila. Ndidaonapo mphunzitsi mnzanga akugulitsa kachewere ali m'munda, asadakhwime, kwa mavenda pamtengo wolira, kuti alipire okongoletsa holo. Ukwati udali wabwino, tidavina. Chaka chotsatira feteleza adagula wa m'mbale.

A Ambani sadagulitse munda, ndipo apa ndiye pomwe nkhaniyi idandikhudza. Kumsonkhano wa komiti ya ukwati, mlongo wanga adati tibwereketse dimba la kudambo kwa zaka ziwiri, wobwereka alipiretu, ndalamazo zigwire ntchito ya diresi ndi holo. Dimba limeneli adasiya ndi agogo athu aakazi, lidapita kwa amayi, pano lili kwa mlongo wanga, ndipo kwa ife a chikamwini mawa ndi la mtsikana yemweyu. Mkamwini adzabwera kudzalima pomwepo. Golide tilibe, koma dimbalo limabereka kachewere, kabichi ndi nsawawa mvula itasiya, ndipo palibe mwamuna angalinyamule banja likatha. Komanso tonse tikudziwa mmene minda yobwereketsa imathera: zaka ziwiri zimasanduka zinayi, kenaka nkhani ili kwa amfumu.

Pakhonde paja tidakambirana mpaka dzuwa lidaboola nkhungu, phiri n'kuonekera ndi mapaini ake. Telala adati angathe kusoka diresi loyera lalitali, n'kuika nsalu yofiira m'mphepete ndi timikanda tonyezimira pachifuwa, bola nsaluyo tikagule tokha ku Area 2 ku Lilongwe, m'masitolo a Amwenye. Ndidati nsalu ndi msoko ndilipira ine, pang'onopang'ono pamalipiro a Julayi ndi Ogasiti, ndipo diresilo lidzakhala lake, osabweza kwa wina aliyense. Koma za dimba ndidakana.

"Malume, ndiye holo?"

Ndidati pabwalo la tchalitchi pali mthunzi wokwanira. Sadayankhe. Adalola kuti amuyeze, telala akulemba manambala kuseri kwa kalendala yakale, koma foni adaibweza m'chikwama osandiyang'ana.

Pobwerera tidatsika njinga pamphambano n'kuyenda wapansi kudutsa kudambo. Kachewere wa m'dimba muja wayamba maluwa, ndipo wina adali ataiwala khasu mumngalande. Mtsikanayo adalitola n'kuliika paphewa, tidakafika kunyumba osalankhulana. Komiti ikumananso Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, ndipo mlongo wanga watumiza kale uthenga woti ndisachedwe.