Ife a kumcila, pa 28 September

Mu baseball ya ku America timu iliyonse imasewela maulendo 162 pa caka. Sininalakwitse kulemba. Amayamba April akulowa, amatsiliza September akutha, ndipo pafupifupi tsiku lililonse ali m'gilaundi. Imwe amene munakulila pa bola mudziwa kuti mukaluza pa Ciwelu muli na wiki yonse yolila na kunyoza kochi. Mu baseball ukaluza lelo, mailo uli pamenepo futi. Ngakhale timu yoopsa maningi imaluza maulendo 60 pa caka. Timu yanga, Baltimore Orioles, mu 2011 inaluza maulendo 93.

Cinali caka ca namba 14 motsatizana ca kuluza kwambili kupambana kuwina. Mwana wobadwa mu 1998, caka cimene mavuto anayamba, anali atafika giledi 8 osaonapo timu ya mzinda wake ikumwetulila.

Ine timu imeneyi sininaisankhe. Ninafika ku Baltimore mu 2007 kucokela ku Chawama, ndipo nchito imene ninapeza inali yosamalila okalamba usiku pa nyumba ina kunja kwa tauni. M'cipinda ca kumapeto munali amdala ena, munthu wakuda wamtali amene anasewenza zaka zambili pa fakitale ya nsimbi ku Sparrows Point. Matenda a shuga anali atawadya maso, dzanja linali kunjenjemela. Mankhwala anali kumwa mocita kukakamizidwa. Cimene anali kufuna kwa ine cinali munthu wowagwilila pensulo.

Okonda baseball akale amalemba masewela pa pepala pamene acitika. Wosewela aliyense m'gilaundi ali na namba yake, kuyambila 1, amene ni woponya mpila, mpaka 9, ndipo ciliconse cocitika cili na cizindikilo cake. Womenya akalephela mipila itatu yabwino, ulemba K. Amdala anali na katoni ya mapepala amenewa, ena a ku Memorial Stadium, gilaundi yakale imene anaigwetsa. Anaona Frank Robinson na Brooks Robinson akutenga World Series mu 1966. Anaona ya 1970, anaona ya 1983. Za Cal Ripken Jr., amene anasewela maulendo 2,632 motsatizana osalova, anali kuzikamba mmene akulu kwathu amakambila za Ucar Chitalu. Ine ninali kulemba cabe zimene aniuza. Patapita miyezi iwili ninayamba kukangana nawo, ndipo anati manje wakhala munthu.

Kuti mumvetse za usiku umene nifuna kukamba, dziwani cinthu cimodzi: mu baseball mulibe nkoloko yothetsa masewela. Masewela ali na zigawo 9, zimene amazicha ma inning. M'cigawo ciliconse timu imamenya mpila mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa, kenako anzawo naonso amenya. Womenya akamenya bwino amathamanga kuzungulila ma base, ndipo akabwelela pamene anayambila ndiye cigoli. Kulibe kupita na mpila ku kona kukataya nthawi. Kulibe goli kipa wogona pansi atagwila mwendo uku akuyang'ana lefali na diso limodzi. Ngati utsogola, uyenela kuponyela mpila munthu wotsiliza, pamaso pake, ndipo iye ali na ndodo m'manja. Palibe amene angakulizile pinto kuti upulumuke.

Lomba za Boston Red Sox. Anthu amadziwa cidani cawo na New York Yankees, ndipo iwo ife sanali kutiwelengela n'komwe. N'cimene cinali kuwawa. Ndalama zolipila osewela awo zinali pafupifupi kuwilikiza kawili zathu. Matikiti ku Fenway Park, gilaundi yawo, anali odula komanso ovuta kupeza, conco okonda timu yawo anali kukwela sitima kapena ndeke kubwela kwathu ku Camden Yards, n'kudzaza mipando mpaka gilaundi yathu anaipatsa dzina lakuti Fenway ya kum'mwela. Ninapitako kamodzi pa tsiku langa lopumula, nitavala kepu ya olenji. Wosewela wathu atamenya bwino ninaimilila kukuwa, ndipo ninapeza kuti pa mzele wonse naimilila nekha. Anthu ovala zofiila ananiyang'ana ngati ndine nalowa pa ukwati wosaitanidwa. Pa khomo panga! Amdala nitawauza anangoti nkhani ni yakale imeneyo: Babe Ruth anabadwila mu Baltimore, ndipo mu 1914 timu ya Orioles ya masiku amenewo inamugulitsa ku Boston. Anthu aja akhala akudya za kwathu kuyambila kale.

Kuciyambi kwa September 2011 Boston inali patsogolo pa Tampa Bay Rays na mawini 9 pa mpikisano wa malo otsiliza olowela masewela a mu October. Aliyense anati nkhani yatha. Kenako anayamba kugwa, tsiku na tsiku, monga nyumba ya mdothi m'mainza. Mwezi umenewo anawina 7, analuza 20. M'masiku khumi otsiliza anakumana na ife maulendo 7, ndipo pofika pa Citatu, 28 September, tinali titawamenya kale kanayi. Tsiku limenelo Boston na Tampa Bay anali olingana, aliyense mawini 90. Boston inali kwathu. Tampa Bay inali kwawo na Yankees. Ife tinali kumcila, ndipo kuwina kapena kuluza tinali kutsalabe kumcila komweko.

Ninalowa nchito mofulumila. TV inali ya ine, wailesi inali ya amdala, pepala pa bondo langa. J.J. Hardy anamenya home run m'cigawo cacitatu tinatsogola, koma pofika cacisanu Dustin Pedroia anabweza yake, Boston 3, ife 2. M'cigawo ca 7 kunagwa mvula ndipo masewela anaima kwa ola limodzi na mphindi 26. Pa nthawi imeneyo ku Florida Yankees anali atatsogola 7-0. A ku Boston m'gilaundi mwathu anali kuseka pansi pa maambulela, akudziwa kuti ngakhale aluze, mailo kuli mwayi wina.

Ninapita kukaona odwala ena, kusintha mashiti, kulemba m'buku. Pobwelela ninapeza amdala akhala tsonga pa bedi, wailesi ku khutu.

"Iwe mnyamata, khala pansi. Tampa yagoletsa zisanu na cimodzi."

"Amdala, nthawi yogona yapitilila kale."

"Nagona zaka 14. Tenga pensulo."

Mvula isanathe, Dan Johnson, munthu amene caka conse ndodo yake inali ngati yonyowa, anamenya home run Tampa Bay itatsala na mpila umodzi cabe kuti iluze. Zinakhala 7-7. Pa TV anaonetsa nkhope za osewela a Boston akuonelela zimenezi, ndipo kuseka kunali kutatha.

Cigawo ca 9 cinafika tikali 3-2. Boston inatulutsa Jonathan Papelbon, munthu wawo wotsekela masewela, wa maso aja oyang'ana ngati afuna ndeu pa bawa. Caka conse Boston inali isanaluzepo ikatsogola pambuyo pa cigawo ca 8. Adam Jones, K. Mark Reynolds, K. Awili atuluka, watsala m'modzi. Apa pa bola lefali akanakhala ataika kale pinto pakamwa. Koma Papelbon anafunika kuponyabe. Chris Davis anamenya, anafika pa base yaciwili. Anamulowetsela wothamanga, Kyle Hudson. Nolan Reimold anaphonya mpaka kutsala na mpila umodzi, kenako anaukwapula pakati pa osewela awili a kutali, Hudson analowa. 3-3. Dzanja la amdala linanigwila pa mkono mwamphamvu imene sininadziwe kuti akali nayo.

Wotsatila anali Robert Andino. Sanali munthu wochuka. Anasewela kwambili caka cimeneco cifukwa Brian Roberts anali atadzipweteka. Koma m'masiku amenewo anali atawalasa kale a Boston kawili, kwawo komanso kwathu. Anamenya mpila wotsika kupita kumanzele, kumene kunali Carl Crawford, amene Boston inamutenga ku Tampa Bay komweko na madola 142 miliyoni. Crawford anathamanga, anatelela pa udzu wonyowa, mpila unakhudza golovesi yake n'kugwa pansi. Reimold anathamanga kucokela pa base yaciwili, analowa. 4-3.

Ninakuwa. M'nyumba ya okalamba, pakati pa usiku, ine wolipidwa kuti kukhale cete. Amdala anali kumenya matilesi na cikhatho, misozi ikutsika m'maso aja osaona. Nesi wamkulu anabwela akuthamanga poganiza kuti munthu wagwa pa bedi, ndipo anaima pa khomo atagwila m'ciuno. Tisanayambe n'komwe kufotokoza, patangopita mphindi zitatu, TV inasintha kupita ku Florida, Evan Longoria anamenya home run m'cigawo ca 12, Tampa Bay 8, Yankees 7. Caka ca Boston cinathela pamenepo. Nesi anayang'ana TV, anayang'ana ife, anati cepetsani congo, n'kutseka citseko. M'gilaundi osewela athu anali ataunjikana pa Andino ngati atenga dziko lonse, timu ya mawini 69.

Ku Lusaka inali 6 koloko m'mawa. Ninatuma foni kwa akulu anga.

"Ndiye mwatenga kapu?"

"Iyai, akulu. Tatsiliza kumcila."

"Nanga cimene wanidzutsila n'ciani?"

Ninayesa kuwafotokozela na citsanzo ca ku Kitwe, cifukwa iwo ni a Nkana mpaka m'mafupa. Ninati tiyelekeze Power Dynamos ifuna wini imodzi cabe kuti itenge ligi, tsiku lotsiliza, imwe mulibe ciliconse cosewelela, ndipo mwaimenya mphindi yotsiliza. Anakhala cete pang'ono, anaseka, kenako anati: "Koma iwe, imeneyo ni nsanje cabe. Ufiti wa m'komboni wapita nawo ku America."

Mau amenewo nakhala nawo zaka zambili, ndipo nsanje ilimo, sinikana. Kuona wolemela akutelela pa udzu kumakoma, ndipo amene akuti sikukoma ni wabodza. Koma nsanje yokha siingalilitse munthu wa zaka za m'ma 80. Anyamata aja anali na zifukwa zonse zosewelela mwaulesi. Zola zinali zomangamanga, m'mawa aliyense anali kupita kwawo, mvula inali itagwa, ndipo pa tebulo la ligi palibe cimene cikanasintha. Buck Showalter, kochi wathu, anaika timu yake yeniyeni ndipo inamenya nkhondo mpaka mpila wotsiliza. Ine nchito yanga inali ya usiku, imene palibe amaiona. Ukatembenuza wodwala pa 03:00 kapena osamutembenuza, m'buku ulemba cimodzimodzi, ndipo cilonda cimaonekela patapita wiki. Nimadziwa mmene zimakhalila kugwila bwino nchito imene siikukweza pa tebulo lililonse. Usiku uja ninaona anthu akuicita pa TV, dziko lonse la America likuonelela, ndipo kamodzi kokha inalipila pamaso pa anthu.

Cinanso n'cakuti a zofiila aja anatuluka m'gilaundi mwathu ali cete. Zaka zonsezo anali kubwela ngati apita ku munda wawo kukathyola cimanga. Tsiku limenelo anafunika wini imodzi, anabwela kudzaitenga kwa ife amene sanali kutiwelengela, ndipo anabwelela cimanjamanja. Patangopita masiku awili kochi wawo Terry Francona anacoka. Papelbon sanaponyelenso Boston, anapita ku Philadelphia.

Caka cotsatila manambala anatembenuka ndendende: mawini 93, kuluza 69. Orioles inalowa masewela a mu October koyamba kucokela mu 1997, inamenya Texas Rangers, kenako inagonja kwa Yankees pa masewela acisanu. Amdala anali moyo, ndipo mapepala onse a caka cimeneco ninawalembela. Ambili amati zonse zinayambila pa mpila uja wa Andino. Ine sinikonda kukamba conco, cifukwa kumakhala ngati usiku uja unafunika caka cotsatila kuti ukhale na phindu.

Amdala naonso a 2012 sanali kuwaitanitsa kawilikawili. Usiku umene tulo twawakana, makamaka m'nyengo yozizila pamene kulibe baseball, anali kuniuza kuti nitsegule katoni nitenge la pa 28 September, niwelenge cigawo ca 9. Ninali kuwelenga: Jones, K. Reynolds, K. Pamenepo anali kukweza dzanja.

"Yembekeza. Awili atuluka?"

"Awili, amdala."

"Papelbon akali pamenepo?"

"Akali pamenepo."

Anali kukonza pilo, kutembenuzila khutu kwa ine.

"Pitiliza."