Lichinga, kwawo kwa oimba amene amaphunzitsa

Munthu akachoka pa Chiponde m'boma la Mangochi ndi kuoloka malire pa Mandimba, amayenda makilomita pafupifupi 150 kulowera kumpoto kuti akafike ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique. Msewu umanka nukwera, kudutsa pa Massangulo, mpaka kamphepo kamayamba kuzizira ngati ka ku Dedza. Mzindawu uli pamtunda, pakati pa mitengo ya paini. Apwitikizi anaukhazikitsa m'chaka cha 1931 nautcha Vila Cabral, ndipo dzina la Lichinga linadza dzikolo litalandira ufulu mu 1975.

Mlendo wochokera kumalire kuno sasowa wolankhula naye. Pamsika pali kachewere, nyemba ndi usipa wa ku Meponda ndi ku Metangula, ndipo malonda amayenda m'Chiyao, m'Chinyanja, m'Chimakua ndi m'Chipwitikizi. Komatu chimene chinatchukitsa mzindawu kunja kwa Mozambique ndi nyimbo.

Nkhondo ya pachiweniweni itatha mu 1992, anthu amene anathawira kwathu kuno anayamba kubwerera kwawo, kumene anakapeza midzi yopanda zitsime ndi zimbudzi. M'chaka cha 1994 achinyamata ena a ku Lichinga anayambitsa gulu loimba la Massukos, dzina lochokera ku chipatso chathu chomwechi cha masuku. Mtsogoleri wawo, a Feliciano dos Santos, anadwala poliyo ali mwana, choncho ankadziwa bwino zimene madzi oipa amachita. Gululi linatulutsa chimbale cha Kuimba kwa Massuko mu 2001 ndi cha Bumping mu 2007, ndipo linakaimba mpaka ku Ulaya.

Ambiri akafika pamenepo amasamukiratu ku Maputo kapena ku Lisbon. A Dos Santos anabwerera ku Niassa. Kudzera m'bungwe lawo la Estamos, iwo ankafika m'midzi ndi gitala, anthu akasonkhana nkuyamba kuphunzitsa za kusamba m'manja, za Edzi, ndiponso za chimbudzi chothira phulusa ndi dothi chimene pakapita miyezi chimapereka manyowa a kumunda. Kaamba ka ntchitoyi, mu 2008 analandira mphotho ya Goldman ku Amereka, imene imapita kwa anthu osamala chilengedwe.

Woimba wina wa ku Mozambique amene anayenda njira yofanana ndi mai Eldevina Materula, odziwika kuti Kika. Iwowa ndi a ku Maputo, ndipo nyimbo zawo ndi za mtundu wina, zija za ku Ulaya zolembedwa papepala zimene amati zakilasiki. Anayamba pa sukulu ya boma yophunzitsa nyimbo ku Maputo, napitiriza maphunziro ku Portugal, mpaka analembedwa ntchito yoliza chitoliro chotchedwa oboe m'gulu lalikulu la oimba la mumzinda wa Porto. Imeneyo ndi ntchito ya malipiro a pamwezi, yosapezeka chisawawa.

Mu 2013 mai Materula, pamodzi ndi bungwe la Kulungwana, anayambitsa ntchito ya Xiquitsi ku Maputo, yophunzitsa ana ndi achinyamata vayolini ndi zida zina kwaulere. Dzinalo ndi la chida cha makolo chopangidwa ndi timabango ndi njere, mbale wake wa chisekese. Nzeruyi anatengera ku El Sistema ya ku Venezuela, imene inayamba mu 1975, ndi ku Neojiba ya ku Brazil, kumene wophunzira amene wapita patsogolo amaphunzitsa mnzake wongoyamba kumene. Oimba ochokera kunja akabwera kudzaimba ku Maputo amakhalanso ndi anawo nkumawaphunzitsa. Mu 2020 mai Materula anasankhidwa kukhala nduna ya zachikhalidwe ndi zokopa alendo, udindo umene anausenza mpaka 2025.

Mwa nyimbo zakilasikizi zilipo zoimbidwa ndi kagulu kochepa, kawirikawiri anthu anayi: awiri a vayolini, wina wa viola, wina wa cello. Mkulu wina wa ku Austria, Joseph Haydn, amene anamwalira mu 1809, anapeka nyimbo zotere zoposa 60. Kaguluka sikakhala ndi wotsogolera woima kutsogolo. Aliyense amaimba mbali yakeyake, khutu lili kwa anzake, ndipo mmodzi akathamanga nyimbo yonse yaonongeka. Luso lotere siliphunziridwa m'buku lokha. Pamafunika kukhala pafupi ndi munthu amene waliimba zaka zambiri, ndiye chifukwa chake akatswiri ambiri a nyimbozi amagawa nthawi yawo pawiri, kuimba ndi kuphunzitsa.

Kwa munthu wa ku Niassa zimenezi si zachilendo kwenikweni. Kunyanja, cha ku Metangula ndi ku Cobue, mganda ndi chiwoda zimaphunziridwa motero. Mnyamata amaima pambali pa woimba ng'oma miyezi yambiri asanapatsidwe mpata, ndipo tsiku limene wamkuluyo wamwalira asanasiyire wina, kaimbidwe kake kapita naye kumanda.

Vuto lake ndi mtunda. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 2,000, ulendo umene mwana wa mlimi wa nyemba sangaukwanitse. Kwa ana a m'maboma a Mangochi ndi Machinga, sukulu ya Music Crossroads ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2013, ili pafupiko. Komabe mphunzitsi woyamba ali m'mudzi momwemo: wa kwaya kutchalitchi, wa sikiri, kapena agogo a bangwe. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Makolo mukaona mwana akukhoma banjo ya chigubu, musamuswere. Mtengereni kwa munthu amene angamuonetse poika zala.