Malikisi amene anandigoneka m'chipatala

Ululu unayambira pamchombo. Ndinkayesa ndi nyemba zomwe tinadya dzulo lake, choncho ndinangomwa panado n'kupita kumsika. Pofika madzulo unali utatsikira kumunsi chakumanja. Nsima sindinkafuna n'kuiona komwe, fungo la ndiwo linkandichititsa nseru. M'minibasi, galimoto ikagwa m'dzenje ndinkachita kugwira pamimba ndi manja awiri.

Kuchipatala anandiyeza malungo, sanawapeze. Anayezanso ngati ndinali woyembekezera, poti mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapwetekanso malo omwewo. Kenaka adokotala anatenga kapepala n'kuyamba kundilembera malikisi ngati mwana wa sukulu.

Njirayi, yoonera ngati munthu ali ndi vuto la apendikisi, anailemba ndi dokotala wina, Alfredo Alvarado, mu 1986, ndipo malikisi onse amakwana 10. Ululu wosamukira kumanja unandipatsa 1, kukana chakudya 1, nseru 1. Atandidina kumunsi chakumanja ndinakuwa, iwo n'kulemba 2.

"Muli pa 5, mayi," anatero. "Sitikupititsani kufiyeta panopa, komanso kunyumba simubwerera."

Bambo a kunyumba sanakondwe. Kwa iwo, munthu wopanda malungo amalandira mankhwala n'kumapita. Adokotala anawafotokozera modekha kuti wa malikisi 4 kutsika m'munsi nthawi zambiri siikhala apendikisi, wa 5 kapena 6 amamusunga kuti aziona mmene zikusinthira, ndipo kuyambira 7 amaitana a opaleshoni. Anawonjeza kuti kwa ife amayi kapepalako kamatha kukokomeza, chifukwa matenda a m'chiberekero amabweranso ndi zizindikiro zomwezi. N'chifukwa chake ankabwerabwera kudzandigwira pamimba okha, osangodalira manambala.

Anandiika diripi n'kundiletsa kudya ndi kumwa. Phala limene apongozi anabwera nalo linabwerera lili m'kontena momwemo, iwo akung'ung'udza.

Usiku thupi linatentha, 1 wina. Adokotala anadina pang'onopang'ono n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi, ndipo ululu wa pochotsapo unaposa wa podina, mpaka ndinagwira chitsulo cha bedi. Winanso 1. Zotsatira za magazi zitabwera kuchokera ku labu zinasonyeza kuti maselo oyera achuluka, ndiye 2. Ndinafika pa 9, ndipo bambo anasiya kukamba zopita kunyumba.

Anandichita opaleshoni kusanache. Nditatsitsimuka anandiuza kuti apendikisi inali itatupa kwambiri koma isanaphulike. Ikanaphulika, mafinya akanamwazikira m'mimba monse, ndipo akanafunika kung'amba chilonda chachikulu kuti atsukemo.