Mustang ya mphwanga ndi injini imene sindinatchule



Dzulo mphwanga, makanika uja, anandionetsa pa foni galimoto imene akuti adzapanga yekha akadzapeza ndalama: Ford Mustang ya 1967, yotuwa, ya mizere iwiri yakuda. Ndi ija amaitcha Eleanor mu filimu ya Gone in 60 Seconds ya 2000. Ndinati, "Iwe, ngakhale ya mufilimuyo si Shelby GT500 yeniyeni, anangoiveka zovala." Iye ati, "Nanga vuto lili pati, malume?"

Ku America funso limeneli limayambanitsa anthu. Magalimoto amphamvu aja a m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1970, ena anapangidwa ochepa zedi. Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga sanapange ngakhale 20, ndipo imodzi inagulidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ku Seattle mu 2014. Wogulayo sanalipire liwiro ayi, magalimoto a masiku ano ambiri angamusiye m'fumbi. Analipira manambala: ya pa injini kugwirizana ndi ya galimoto, umboni wakuti ndi injini yomwe inatuluka nayo kufakitale.

Amene alibe mamiliyoni amatenga Barracuda wamba kapena Pontiac LeMans, n'kuikamo injini yaikulu, zizindikiro ndi penti, mpaka ioneke ngati 'Cuda kapena GTO. Kampani ya Dynacorn imagulitsa ngakhale bode yatsopano ya Mustang ya 1967. Osunga zoyambirira amadandaula kuti galimoto yakale ukaidula siibwereranso, ndipo sakunama. Koma yoyambirirayo nthawi zambiri imangogona m'galaja, mwini wake akuopa ngakhale mvula, pamene yopangayo ili pamsewu ikubangula. Apa ine ndili kumbali ya mphwanga.

Ndili naye mpaka tsiku logulitsa. Inu amalonda mukudziwa: gong'a yogulitsidwa ngati gong'a, pamtengo wa gong'a, siibweretsa mlandu. Ku America komweko ogula Ford ya kuyambira 1967 amaitanitsa pepala lotchedwa Marti Report, lochokera m'mabuku a fakitale, chifukwa pakamwa pa wogulitsa sipokwanira.

Pakamwa panga inenso sipanakwanire. Zaka zapitazo ndinagulitsa Corolla yanga kwa amayi ena ogulitsa kapenta. Injini ndinali nditasintha, ndinaikamo yochotsa m'galimoto ina imene inachita ngozi. Anandifunsa kuti, "Abambo, injini ili bwino?" Ndinati ili bwino, ndipo inalidi bwino, kuposa yakaleyo. Sanafunse ngati inali yake yeniyeni, ine n'kukhala chete, ndikudziuza mumtima kuti sindinaname.

Zinaululika posintha dzina pa mapepala: nambala ya pa injini yosiyana ndi ya m'buku. Galimoto inaima masabata angapo, iwo akulipira hayala kuti katundu afike pamsika. Anabwera kwathu osakalipa n'komwe. Anakhala pampando, nati, "Mukanangondiuza, ndikanagulabe."

Ndinamusimbira zonsezi mphwanga, foni yake ili m'manja, Eleanor akadali pagalasi. Anafunsa ngati ndinawabwezera ndalama. Za mapepala ndinalipira, za hayala anakana kulandira. Tikakumana pamsika amandipatsa moni bwinobwino, koma kapenta ndikagula kwa iwo amayeza pamaso panga, n'kundiuza kuti ndiyang'ane sikelo.