Nsomba ya Masiku Atatu

Ife si anthu a makanema, ndipo amene amatidziwa adabwa kuona kuti m'kope lino tikulemba za filimu. Koma pa tchuthi chapitachi mphwathu, amene akuphunzira zowerengera ndalama m'tauni, adabwera ndi laputopu yake nati: "Amalume, mumadandaula kuti ana a ku madrasa sakumvetsani mukamawaphunzitsa za riba. Taonerani ichi." Titaswali Isha tidayala mkeka pakhonde, mayi a kunyumba nawonso adakhala nafe, ndipo tidayamba kuonera.

Filimuyo ndi The Big Short. Idatuluka mu 2015, adaikonza ndi Adam McKay kuchokera m'buku la Michael Lewis la mu 2010, ndipo ikukamba za kugwa kwa chuma cha dziko la America mu 2008. Mabanki kumeneko ankabwereketsa ndalama zogulira nyumba ngakhale kwa anthu osatha kubweza, pa chiongoladzanja chotsika poyamba koma chokwera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Ngongolezo ankazimanga m'mitolo n'kumazigulitsa ngati katundu. Anthu atalephera kubweza, mitolo ija idasanduka mapepala chabe, ndipo pa 15 September 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers idagwa.

Ena adaifotokoza nkhaniyi m'njira yozolowereka. Inside Job ya mu 2010 imafunsa mafunso anthu enieni amene adaliko, pamene Margin Call ya mu 2011 ndi sewero lopanda nthabwala la usiku umodzi m'banki yongopeka. Koma McKay, amene kale ankadziwika ndi mafilimu oseketsa, adathira zonse mumphika umodzi: nthabwala, chisoni, phunziro la m'kalasi, ndi tizidutswa ta zithunzi zenizeni za masiku amenewo. Mphwathu adati ophunzira amatcha kapangidwe kotere postmodern, ndiye kuti filimu yosabisa kuti ndi filimu. Wosewera amalekeza sewero panjira, natembenuka kuyang'ana inu woonera, nayamba kukulankhulani. Tidamuyankha kuti zimenezo kwathu kuno si zachilendo. Agogo pokamba nthano ankaima kuti tivomere kuti tili tonse, ndipo akaona wina akusinza ankamufunsa kuti kalulu wafika pati.

Malo amene adatikhudza kwambiri ndi a nsomba. Nkhani itafika pa mitolo ya ngongole yotchedwa CDO, imene ngakhale ogwira ntchito m'mabanki ambiri sankaimvetsa, sewero lonse lidaima ndipo tidapezeka m'khitchini ya wophika wotchuka, malemu Anthony Bourdain. Iye akuti adagula nsomba Lachisanu, ina sidagulidwe, tsopano yatha masiku atatu. Aitaye? Ayi. Aiduladula, aiponya mumsuzi pamodzi ndi zina, aipatsa dzina latsopano, ndipo anthu adya mokondwa. Ndi mmenenso mabanki ankachitira: ngongole zoipa zimene palibe adazifuna ankazisakaniza n'kuzigulitsa ngati katundu watsopano wodalirika. Mayi a kunyumba, amene akulira kugombe ndipo chambo chogona amachidziwa pongoyang'ana m'maso mwake, adaseka nati: "Iii, akubawa!" Ife tidakhala chete. Takhala zaka tikulemba pa bolodi za malonda achinyengo ndi kubisa chilema cha katundu, koma wophika uyu adamaliza phunziro lonse mphika usanawire.

Tichenjeze makolo pano kuti filimuyi si ya ana. Muli mawu otukwana ambiri ndi malo osayenera, monga pamene mkazi wina wotchuka afotokoza za ngongole ali m'bafa, pa chifukwa chakuti anthu samvetsera za ndalama popanda chowakopa maso. Mphwathu adapadziwa ndipo adapadumphitsa. Njira imeneyo sitiivomereza, ngakhale chimene ikunena za anthu a masiku ano chili choona ndithu.

Chinthu china chidatikumbutsa masiku athu a ku koleji, pamene tinkaphunzira kufufuza ofotokoza Hadith, kuti uyu ndi wodalirika, uyu amaiwala, uyu amawonjezera. Filimuyi imadziulula yokha ikanama. Anyamata awiri apeza chikalata chofunika chitasiyidwa m'chipinda chodikirira cha banki, kenaka mmodzi atembenuka nakuuzani kuti zoona zake sizidachitike choncho. Pena wamalonda adzitama kuti katswiri wake wa masamu adapambana mpikisano ku China ndipo sadziwa Chingerezi, koma katswiriyo atembenuka nalankhula Chingerezi chosalala, nati adali wachiwiri. Poyamba tidasangalala nacho chilungamo chotere. Koma titaganiza bwino tidakumbukira wogulitsa amene amakuonetsani yekha nsomba imodzi yoonongeka pamwamba pa dengu, kuti mumukhulupirire musafufuze pansi. Mwa anthu akuluakulu a m'nkhaniyi, Michael Burry yekha ndiye adasiyiridwa dzina lake lenileni. Amene akutchedwa Mark Baum ndi Steve Eisman, ndipo zina za moyo wake zidasinthidwa popanda wina wotembenuka kutiuza.

Tsono pali chimene chidatichititsa manyazi, ndipo ndicho chatilembetsa nkhaniyi. Ngwazi za filimuyi ndi anthu ochepa amene adaoneratu kuti ngongole zija zidzagwa. Iwo adagula mtundu wa inshuwalansi pa ngongole zimene sizidali zawo. Zili ngati munthu kulembetsa inshuwalansi pa bwato la mnzake, podziwa kuti matabwa ake ndi ofumbwa, n'kukhala pagombe kudikira mwera. Filimuyo sibisa kuti iyi ndi njuga, pakuti imatitengera ku Las Vegas kumene katswiri wa zachuma Richard Thaler ndi woimba Selena Gomez, ali patebulo la njuga, atisonyeza anthu akubetcherana pa kubetcha kwa anzawo. Komabe, kaamba ka nthabwala ndi liwiro la nkhani, tidadzipeza tili kumbali ya obetchawo. Mitima yathu inkafuna kuti msika ugwe msanga anyamata athu apambane. Ife amene timaphunzitsa kuti njuga ndi haramu! Anyamata awiri aja atayamba kuvina chifukwa malonda awayendera, mkulu wawo, amene akuseweredwa ndi Brad Pitt, adawakalipira kuti aleke, pakuti kupambana kwawo ndiko kuti anthu ataye nyumba ndi ntchito. Chidzudzulo chimenecho chidafika mpaka pamkeka pathu.

Chakumapeto wofotokoza nkhani alengeza kuti akuluakulu a mabanki ambiri adamangidwa ndipo malamulo adakonzedwa. Tidayamba kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka ati amangocheza: boma lidapulumutsa mabanki ndi ndalama za misonkho, ndipo filimuyo ikuti wa banki mmodzi yekha ndiye adalowa m'ndende. Malemba otsiriza akuti ku America kokha anthu 8 miliyoni adataya ntchito ndipo 6 miliyoni adataya nyumba.

Mphwathu atatseka laputopu adafunsa ngati tidzagwiritsa ntchito fanizo la nsomba ku madrasa. Tidati inde, Insha Allah, ndipo talichita kale kawiri. Koma mayi a kunyumba maganizo awo adali kwina. M'filimumo muli bambo wina wa ku Florida amene ankalipira lendi mokhulupirika, osadziwa kuti mwini nyumba adatenga ngongole m'dzina la galu wake ndipo adaleka kubweza. Bamboyo aoneka kanthawi kochepa, kenaka aonekanso kumapeto, katundu ndi banja lake zili m'galimoto. Akupinda mkeka, mayiwo adatifunsa: "Bambo, aja olemera tawaona mmene athera. Nanga ana a bambo uja adakagona kuti?"