Mayeso anatha, ukuwerengeranji?

Chaka chilichonse ikafika Juni, masamba a pa intaneti a anthu okonda kuwerenga amadzaza ndi mindandanda ya mabuku oti munthu awerenge m'chilimwe. Zithunzi zake ndi zimodzimodzi: wina wagona pamchenga m'mbali mwa nyanja, magalasi akuda kumaso, buku lili pachifuwa. Ine ndimaziona nditadzikulunga m'bulangete pa Neno boma, chimfine chili tho, poti Juni wa azungu si Juni wathu. Chilimwe chathu chenicheni chimafika iwo atayamba kale kufunafuna majekete. Chimayamba kuluma mu Seputembala n'kufika pachimake mu Okutobala, pamene nyenje zimalira ngati zalipidwa ndipo malata amathetheka masana ngati wina akuwagenda.

Komanso Neno alipo awiri. Kumtunda, cha kwa Dambe, kumene kumachokera mbatatesi ndi tirigu, ngakhale mu Okutobala madzulo umafunabe kajuzi. Kumunsi, ku Lisungwi, ku Matope mpaka pa Zalewa, ndi ng'anjo. Kwathu ndi kumunsiko. Ndimagwira ntchito pa boma, koma Lachisanu likakwana, ya kabaza ikapezeka, ndimatsika mapiri kupita kwa amayi, fumbi mpaka m'makutu, m'chikwama muli sopo, shuga ndi buku limodzi. Anzanga amene tinali nawo ku Chanco samvetsa. Amati kumudzi ndimakatani masiku awiri onse, kopanda ngakhale poonera filimu? Ndimangowayankha kuti ndimakagona. Ndi zoona ndithu, kungoti ndimagona ndi buku.

Anthu a m'tauni amaganiza kuti kumudzi nthawi ili mbwee. Bodza. Kuyambira Disembala mpaka Meyi munthu wakumudzi alibe Loweruka: kubzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira, kenako kukolola ndi kutonola. Nyengo yokhayo imene aliyense amakhala pansi masana ndi inoyi, ndipo amene walamula ndi dzuwa. Kusosa ndi kugalauza zilipo, inde, koma anthu amalawirira kusanache, ikamati 9 koloko khasu lili paphewa akubwerera. Kuchokera pamenepo mpaka dzuwa litapendeka palibe angakunene ulesi, chifukwa aliyense ali pamthunzi. Azibambo ali pa bawo, wailesi pambali kudikira mpira wa Bullets ndi Noma. Azimayi akulukana tsitsi, ena akusenda mtedza wa mbewu. Agalu nawo atulutsa malilime pansi pa nkhokwe. Loweruka kuno lili ndi bata lake linanso, poti a Seventh Day ndi ambiri. Mishoni yawo ya Matandani yakhala m'boma lino zaka zoposa 100. Ndiye iwe ukayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, chikho cha thobwa pambali, umangokhala mmodzi mwa anthu amene dzuwa lawagonjetsa.

Kusiyana kwake n'kwakuti wa bawo safunsidwa kuti akuseweriranji. Wa buku amafunsidwa. Amayi anandipeza tsiku lina ndili chafufumimba, miyendo m'mwamba, buku patsogolo. Anaima kanthawi, n'kuti, "Iwe, digiri ija si unatenga kale? Nanga ukuwerengeranjinso? Kapena kwatuluka intaviyu?"

Sanali kunyoza ayi. Funsolo ndi la munthu amene anagulitsa mbuzi kuti ine ndiwerenge, ndipo amadziwa bwino chimene ankagula. Kwathu kuno buku ndi mlatho: umawolokerapo kupita ku sekondale, ku koleji, ku ntchito. Ukawoloka suyenera kubwereranso kukakhala pamlatho n'kumayang'ana madzi. Sukulu nayo inatiphunzitsa zomwezo. Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza tinaiwerenga bolopeni ili m'manja, tikusaka mitu ya nkhani ndi makhalidwe a ampangankhani ngati tikusaka mbewa. Mchere tinkamudziwa ngati funso la malikisi, Chola ngati funso lina. Chaka chino ndaiwerenganso popanda woti andifunse, ndipo ndadabwa kuti bukuli limaseketsa, limakwiyitsa, ndiponso kuti khoswe amene akumusowetsa mtendere Mchere koyambirira kuja ndi khoswe weniweni wa m'nyumba ya lendi, amene ine ndakhala naye. Pa Fomu 4 tinkati khosweyo ndi chizindikiro cha umphawi, n'kulandira malikisi athu.

Anthu akafuna kuteteza kuwerenga m'dziko muno amathamangira kwa William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anabwereka buku mu laibulale n'kupanga magetsi oyendera mphepo. Nkhani yake ndimaikonda. Koma imandidetsa nkhawa pang'ono, chifukwa imakhala ngati ikuvomereza kuti buku liyenera kulipira lendi: ngati silinakupatse ntchito, likupatseko magetsi. Kuwerenga kumene ndikunena ine sikuyatsa babu ngakhale limodzi. Umatseka buku, thobwa yatha, mthunzi wasuntha ndipo mwendo umodzi wapsa ndi dzuwa, basi. Ndipo ndikuona kuti munthu amene watumikira mayeso kuyambira Sitandade 1 mpaka chaka chachinayi cha ku yunivesite ali ndi ufulu wa masana oterowo.

Amene anandithandiza pa mlanduwu ndi agogo. Maso awo anafooka, ndipo sukulu anailekeza kalekale asanadziwe bwino kulumikiza zilembo. Loweruka lina anakokera mphasa yawo pafupi ndi mkeka wanga n'kuti, "Tawerenga mokweza, tizimva nawo. Umangoseka wekha ngati wogwidwa ndi mizimu." Mwamwayi ndinali ndi Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, lomwe linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, kenako T. Cullen Young n'kulimasulira m'Chingerezi kuti Man of Africa. Zonsezo agogo analibe nazo ntchito. Iwo anafuna kudziwa kuti mwanayo kwawo n'kuti ndipo amalume ake anali kuti pamene ankalowerera chonchi.

Kuwerengera agogo si kuwerenga kwa m'kalasi. Amakudula pakamwa. Nthondo akaba, amawomba m'manja n'kutukwana. Akanyamuka kupita kukasaka ntchito kutali, amatontholetsa aliyense, kenako n'kuyamba kutchula amuna a m'mudzi mwathu amene anapita ku Halale ndi ku Joni, amene anabwerako ndi njinga, amene anabwerako ndi chifuwa, ndi amene sanabwereko n'komwe. Tsamba limodzi limatha mphindi makumi atatu. Chichewa chake ndi cha m'chigawo chapakati, chakalekale, moti mawu ena ndimapunthwa nawo. Iwo amandikonza katchulidwe, nthawi zina n'kunena kuti kuno sititero. Munthu wa digiri kukonzedwa kawerengedwe ndi munthu wosawerenga, ndipo akukhoza ndi iwowo.

Tinasemphana pa mathero. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndiye n'zosadabwitsa kuti Nthondo akumaliza ali mfumu yotembenuka mtima. Kwa ine bukuli lili ndi moyo pamene Nthondo ali woipa. Akangolungama, moto umazilala, umachita kumva kuti wolemba wavala kolala. Agogo anati ndine mwana. Anati munthu ukakalamba umafuna kumva kuti wopulukira anabwerera, chifukwa wako amene anapulukira sanabwerere. Sanatchule dzina, koma tonse pabwalopo tinadziwa amene akunena. Maganizo anga pa bukulo sanasinthe, koma tsiku limenelo sindinatsutsenso. Amayi anali chapatali akupeta mpunga, ndipo ndinaona kuti lichero laima.

Pali chinthu china chimene zithunzi za m'mbali mwa nyanja zija sizionetsa: kupuma kwa munthu mmodzi pakhomo kumakhala kuti wina wakulipirira. Mu Okutobala zitsime zimaphwa, mtsinje wa Lisungwi umachepa, ndipo pa mjigo ndowa zimandanda kuyambira usiku. Kuti ndifike pamkeka paja 10 koloko, ndimakhala nditapita ku mjigo maulendo atatu, ndasesa, ndachapa, ndatsuka mbale za dzulo. Mlongo wanga, amene amanditsatira, amadzuka, n'kusamba madzi amene sakudziwa kuti abwera bwanji, n'kupita ku bawo. Palibe amamufunsa kanthu. Virginia Woolf analemba mu 1929 kuti mkazi wofuna kulemba amafunika ndalama ndi chipinda chakechake. Mayiyo ankanena za ku England. Kuno mkazi wofuna kungowerenga chabe amafunika ndowa zonse zikhale zodzaza, nkhuni zili pamoto, ndiponso pasabwere alendo. Alendo akangoti odi, buku limatsekedwa, nkhuku iyambe kuthamangitsidwa. Masiku ano ndinaphunzira kachinyengo: ndimalipira mnyamata wa njinga kuti atunge zigubu zinayi Loweruka m'mawa. Amayi amati ndikuwononga ndalama. Ine ndimati ndikugula machaputala atatu.

Mabukuwo kuwapeza ndi nkhani inanso. Kuno buku la nthano suligula pa gulosale. Ambiri anga ndinagula kwa mavenda a mabuku akale m'mbali mwa misewu ya ku Blantyre ndi ku Limbe, ena ali ndi chidindo cha sukulu ya ku Scotland imene mwina inatsekedwa kale, ena masamba omaliza anathothoka. Buku likafika kumudzi lili ndi adani: chiswe, mbewa, ana, ndi aja amaona pepala lililonse ngati lokulungira zitumbuwa kapena lopichirira fodya. Ena amati ndizingowerenga pafoni, mabuku ali mbwee pa WhatsApp. Ndimatero nthawi zina. Koma foni m'chilimwe imatentha ngati mbaula, batire silichedwa kutha, ndipo uli pakati pa chiganizo mumalowa uthenga wa gulu la maliro kapena wa abwana. Buku la pepala silidziwa kuti uli ndi abwana.

Usiku ndiye umandiseketsa mopweteka. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire pompano, ku Nkula kumene makina anayamba kuzungulira mu 1966, ndi ku Tedzani. Mawaya amadutsa pamwamba pa midzi yathu kupita kwa eni ake kutauni. Ife pansi pake timawerengera kagetsi ka sola, kapena tochi ya foni yoluma ndi mano. M'nyumba simulowedwa kufikira pakati pa usiku, makoma amakhala akubweza moto wa masana, ndiye tonse timakhala pakhonde, udzudzu ukuimba m'makutu. Apo sindichedwa. Masamba asanu, kenako ndimazimitsa n'kumamvetsera amayi ndi agogo akuwerengetsera matumba a chimanga amene atsala, ngati afika Febuluwale.

Sabata yatha ndinabwera ndi I Will Try ya Legson Kayira, uja ananyamuka wapansi kuchoka kumpoto kwa dziko lino mu 1958, n'kuyenda mpaka kukafika ku Khartoum, akufuna sukulu ya ku America. Ndi la Chingerezi, choncho ndimawerenga ndime kenako n'kuwafotokozera agogo m'Chichewa, ndipo ndikukhulupirira kuti ndimathiramo mchere wanga. Mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 7, amene masiku onse amangodutsa ngati sakumva, anaima ndi ndowa pamutu n'kufunsa kuti, "Anti, ndiye nsapato anali nazo?" Ndinamuuza kuti atule kaye madziwo adzaone yekha. Lamulungu ponyamuka ndinalisiya bukulo, nditalikulunga m'jumbo n'kulipachika kudenga kuopa chiswe. Lachisanu ndikalipeza kaya lili ndi zala za mango, kaya lasowa.

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo cha ku Mozambique, ndipo agogo akuti bondo lawo layamba kuwauza zinthu. Mvula yoyamba ikangogwa, aliyense athamangira kumunda ndi mbewu, Loweruka libwerera kwa eni ake, ndipo msewu wokwera ku boma uyamba kuterera moti a kabaza akweza mtengo. Ndatsala ndi masabata atatu, mwina anayi, ndipo Kayira sanafike n'komwe ku Uganda.