NDINAPITA KUNYANJA NDI KALATA M'CHIKWAMA

Lero ndilemba zazitali, mundipirire.

Ambiri munaona zithunzi zathu za ku Cape Maclear n'kumalemba kuti "Abusa akunjoya." Zoona, tinanjoya. Koma chimene simunaone ndi kalata imene inali m'chikwama changa, kalata yotula pansi ubusa. Zaka 6 tikutumikira panthambi ino, Lamulungu lomaliza ndisananyamuke tinasonkhana anthu 23, kuwerenga ndi ana omwe. Ndinali nditatopa, abale. Ngakhale Mayi Busa sindinawauze.

Mlongo wathu wina wa ku Johannesburg ndi amene anatilipirira nyumba ya m'mbali mwa nyanja, masiku atatu. Ine mumtima ndinati ndikagona, ndikadya chambo, pobwera ndidzapereka kalata. Koma ana salola munthu kugona kunyanja. Tsiku lililonse, "Adadi, lero tikupita kuti?"

Tsiku loyamba tinabwerera pamsewu wochokera ku Monkey Bay kukaona Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu. Madzulo tinayenda m'mudzi wa Chembe kuona usipa utayanikidwa pamathandala, asodzi akusoka maukonde.

Tsiku lachiwiri tinakwera boti kupita kuchilumba cha Thumbi. Malo onsewa ali mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha timbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala. Ukaviika dzanja uli ndi kabuledi, timabwera kudzadya pachikhatho. Mnyamata wa boti anaimba likhweru, n'kuponya nsomba m'madzi. Nkhwazi inachoka mumtengo, n'kudzaitola ife tikuona. Mayi Busa anakuwa ngati tili pamsonkhano wa chitsitsimutso! Ine ndinaseka nawo, koma mtima unali kuchikwama.

Tsiku lachitatu ndiye nkhani. Tikupita ku Otter Point, wotiperekeza anati, "Abusa, tiyeni tipatuke, mukaone anzanu." Anzanga ati? Anatitengera pamanda.

Pamalo pamenepo ndi pamene panayambira Livingstonia Mission mu 1875. Anthu aja anachokera ku Scotland, anafika ndi sitima yotchedwa Ilala, ndipo pakati pawo panali Dr Robert Laws. Malowo ndi okongola, koma malungo anawasautsa. Dr William Black anamwalira mu 1877, ena anatsatira. Pofika 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe, munthu amene anali atamubatiza anali mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Mundimve bwino. Zaka pafupifupi 6, manda ali ndandanda, wobatizidwa mmodzi. Ine zaka zomwezo, sindinaike m'manda mtumiki ngakhale mmodzi, ndili ndi anthu 23, koma ndalemba kale kalata! Ndipo Laws uja sanakwere sitima kubwerera kwawo. Anapita ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894, anakhala m'dziko muno mpaka 1927. Sukulu, chipatala ndi mipingo imene inatuluka m'ntchito imeneyo, a kumpoto mukuidziwa kuposa ine.

Ndinakhala pamwala, anyani akutiyang'ana chapatali. Mayi Busa anandigwira paphewa n'kunena chapansipansi, "Bambo, kalata ija ndinaiona ndikulongedza zovala. Ndimadikira kuti mundiuze nokha." Aaa! Misozi inangotsika yokha, ana akudabwa kuti adadi alumidwa ndi chiyani.

Sindikunamizani kuti pobwera ndinapeza tchalitchi chadzaza. Lamulungu lapitali tinalipo 21. Koma kalata ija tinakolezera mbaula yootchera chambo usiku womwewo, ndipo ine ndikadali m'busa wanu.

Tsono inu amene mukupita kunyanja patchuthi, musakangokhala pakhonde ndi foni m'manja. Tulukani mukaone malo. Boti kwerani m'mawa, ndipo mwera ukamaomba musakakamize, nyanja si bafa. Gwirizanani mtengo musanakwere, funsaninso majekete oyandamitsa, makamaka a ana. Polowa mu paki pamalipiridwa, konzekerani. Mukasambira, pobwera kafunseni kuchipatala za likodzo, si zamanyazi ayi. Ndipo pamanda paja musadutse mothamanga chifukwa choti palibe chojambulira selfie. Imani pang'ono, muwerenge mayina.

Iwe amene uli ndi kalata yako m'chikwama, kaya ndi ya ntchito, ya sukulu kapena ya banja, sindikudziwa kuti yalemera bwanji. Koma usanaipereke, uuzeko munthu mmodzi amene amakukonda. Mwina anaiona kale, akungodikira.

Tionana Lachitatu kumapemphero a madzulo. Mubwere ndi mnzanu.